Mmene dzina la Platini linaipira khothi lisanayankhule

Zoti anthu aziti "akuluakulu a mpira onse ndi mbava" zinakula kwambiri pa 27 May 2015, apolisi a ku Switzerland atalowa mbandakucha mu hotelo ya Baur au Lac ku Zurich nkunjata mabwana 7 a FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, atapemphedwa ndi dziko la America. Atolankhani a New York Times anali pompo kale, ogwira ntchito pahotelopo anachita kutambasula nsalu zoyala pabedi kuti omangidwawo asajambulidwe, koma chithunzi cha nsaluzo ndi chomwe chinazungulira dziko lonse.

Ziphuphu zinalipodi, osanama, ena ngati Jeffrey Webb, mmodzi mwa omangidwawo, anavomera okha milandu. Koma Webb amamudziwa ndani? Nyuzipepala imafuna nkhope yogulitsa, ndiye pofika September chaka chomwecho itatuluka nkhani yoti Sepp Blatter, pulezidenti wa FIFA panthawiyo, anavomereza kuti FIFA ilipire Michel Platini ma franc (ndalama za ku Switzerland) 2 miliyoni mu 2011, basi makamera onse anatembenukira komweko. Platini si munthu wamba paja, Ballon d'Or, mphoto ya wosewera mpira wabwino koposa pachaka, anatenga katatu motsatizana, 1983 mpaka 1985, anali pulezidenti wa UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, ndipo aliyense ankadziwa kuti mpando wa FIFA ukupita kwa iyeyo. Awiriwa ankati ndalamazo ndi malipiro a ntchito yaulangizi yomwe Platini anagwira kuyambira 1998 mpaka 2002, kungoti anagwirizana pakamwa opanda pepala. Kunena zoona kufotokoza kumeneku nkovuta kukumeza, ndalama zonsezo opanda kusainirana komanso kudzalipidwa patatha zaka 9? Koma kukayikitsa si umboni.

Mu December FIFA inawaletsa zampira kwa zaka 8, chilango cha Platini chinadzatsika kufika zaka 4 atachita apilo, koma chisankho chinali chitadutsa, mu February 2016 mpando anatenga ndi Gianni Infantino yemwe anali mlembi wake ku UEFA konko.

Khothi la ku Bellinzona ku Switzerland linadzapeza Blatter ndi Platini osalakwa mu July 2022, boma litachita apilo anapambananso mu March 2025. Nkhaniyi inalembedwa inde, koma tsiku limodzi awiri yazilala, pomwe ya 2015 inakhala pa TV miyezi. Mpaka pano mukafunsa okonda mpira ambiri akuuzani kuti Platini anagwidwa nawo kuhotelo kuja, chonsecho iye ndi Blatter sanali mgulu la omangidwa tsiku lija.