Mwana akamatsimphina pochokera ku mpira, musangomuuza kuti alimbe mtima

Makolo ambiri akwathu amene ndimakumana nawo pa ntchito yanga ya physiotherapy (kuthandiza ovulala kuchira ndi mafizo) muno mu Johannesburg amabwera mochedwa. Mwana anayamba kudandaula bondo nthawi ya Isitala, koma amafika naye mu Ogasiti, atayamba kulephera kukwera masitepe a pafulati. Ukafunsa chomwe anachedwera amati ankayesa kuti ndi kukula chabe, zitha zokha. Ena amati mwamuna salira. Pa za kukulazo sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa kukulako ndiye kumachititsa kuti mwana wa zaka 12 mpaka 17 azivulala mosiyana ndi munthu wamkulu.

Chakumapeto kwa fupa lililonse lalitali la mwana kuli kachigawo kanthete kamene sikanasanduke fupa lenileni, ndipo pamenepo ndi pomwe fupalo limatalikira. Kwa atsikana kachigawoka kamalimba akamafika zaka 14 mpaka 16, kwa anyamata mochedwerapo, cha m'ma 16 mpaka 18. Kasanalimbe kamakhala kofooka kuposa mitsempha yomwe imagwirizanitsa mafupa. N'chifukwa chake bambo akaponda molakwika amangobinya phazi, koma mwana wawo ataponda chimodzimodzi akhoza kuthyoka pa kachigawo kaja. Pakathyoka pamenepo osasamalidwa, mwendo utha kukula mokhota kapena kutsalira kutalika. Choncho mwana akatupa pa kakolo kapena padzanja, n'kumalephera kupondera kapena kumva kuwawa mukakhudza fupa lenilenilo, akajambulidwe. Musadikire kuti muone ngati kutupa kuphwe.

Palinso china. Mwana akafika pa msinkhu wothamangira kutalika, mafupa amakula msanga kusiya minofu m'mbuyo. Minofu imakhala yokungika, ndipo imakoka pomwe inamera pa fupa. Ukamva mnyamata wa zaka 13 akudandaula kachotupa kolimba pansi pang'ono pa bondo, kowawa akamathamanga, kudumpha kapena kugwada, kawirikawiri limakhala vuto lotchedwa Osgood-Schlatter, dzina lochokera kwa madokotala awiri amene analifotokoza mu 1903. Ana ocheperapo, a zaka 8 mpaka 14, amamva zofananazo pa chidendene. Sizoopsa, ndipo zimatha mafupa akakhwima. Koma zimafuna kuchepetsa kudumpha ndi kuthamanga kwa milungu ingapo, kuwongola minofu ya ntchafu ndi akatumba tsiku ndi tsiku, ndi kuikapo ayezi akamaliza kusewera. Sindiuza mwana wotere kuti asiyiretu mpira. Ndimamuuza kuti asasewere mpaka kufika potsimphina.

Vutoli ndimaliona kwambiri nyengo yozizira. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kuno kulibe mvula, kapinga amauma, mabwalo a m'masukulu ndi m'mapaki amalimba kuti gwa, ndiye mwana akuthamangapo ndi jombo za zisonga zazitali zogulidwa pa salaula, zina zomuthina kale. Pa bwalo louma, nsapato ya zisonga zing'onozing'ono zambiri ndi yabwino kuposa imeneyo.

Kutsimphina kumene sindifuna kuti kugone ndi kwa mwana, makamaka wonenepa, amene akuloza m'chiuno, m'ntchafu kapena bondo popanda kugwa kulikonse. Nthawi zina mutu wa fupa la ntchafu umaterereka pa kachigawo kanthete kaja, ululu n'kumamvekera kubondo pomwe vuto lili m'chiuno. Ameneyo asapondere, ndipo aonedwe ndi dokotala msanga. Chimodzimodzinso ululu wa m'fupa umene ukumudzutsa usiku.

Amene mwangoitanitsa mwana kuchokera kumudzi, dziwani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ili cha pa 1,050, Mangochi safika n'komwe 500. Mnyamata amene ankamaliza mphindi 90 pa mchenga wa kunyanja akafika kuno amagwidwa befu msanga, ndipo si ulesi. Mpatseni milungu iwiri kapena itatu yoyamba pang'onopang'ono, azimwa madzi ambiri chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma. Ngati kubanja kuli matenda a magazi otchedwa sickle cell, nenani kwa kochi ndi kuchipatala asanayambe mafizo olemetsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewero otulutsa thukuta mphindi 60 pa tsiku. Ambiri mwa ana athu a m'mafulati a ku Hillbrow, Yeoville ndi Rosettenville safikapo, ndiye amene amavulala kwambiri ndi uja wakhala holide yonse pa foni, sukulu ikatsegulira akufuna kuthamanga tsiku lililonse kuti alowe mu timu. Thupi silikana ntchito, limakana kudzidzimutsidwa. Onjezerani pang'ono mlungu uliwonse, pakhale tsiku limodzi kapena awiri opuma, ndipo agone maola 8 mpaka 10.

Kutenthetsa thupi musanayambe si kuzungulira bwalo kamodzi n'kuyamba kumenya mashoti. Pali ndondomeko ya mphindi 20 yotchedwa FIFA 11+, yopezeka ulere pa intaneti, yophatikiza kuthamanga, kulimbitsa minofu ya pamimba ndi kumbuyo kwa ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kuphunzira kutera bwino ukadumpha. Ataiyesa pa atsikana a zaka 13 mpaka 17 ku Norway, kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Makochi a ntchemberembaye ndiwo ndikanakonda atamva zimenezi, pakuti atsikana amaduka mtsempha wa mkati mwa bondo kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo zimachitika potera kapena pokhota mwadzidzidzi popanda wina kuwagunda. Mwawi Kumwenda, katswiri wathu uja, anaduka mtsempha umenewu mu 2018 akusewerera timu ya ku Australia ya Melbourne Vixens. Mtsemphawu ukaduka, kuchira kumatenga miyezi 9 mpaka chaka. Mtsikana aphunzire kutera mawondo atapinda, osalola kuti apendekere mkati.

Tsopano za kuthowa. Ndikudziwa kuti agogo anatilera ndi madzi otentha ndi kansalu, koma pa malo amene angovulala kumene kutentha kumawonjezera kutupa. Masiku awiri oyamba ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani bandeji mosathinitsa, mwendo ukhale pamwamba. Osakoka, osasisita mwamphamvu, ndipo osatema mphini. Musamupatsenso mankhwala opha ululu n'cholinga choti akasewere fainolo. Mukatero mwangotseka pakamwa pa chinthu chimene chikanamuchenjeza.

Mutu ndiye sitikambirana. Ana athu ambiri kuno alowa rugby kusukulu, ndipo ngakhale mu mpira wa miyendo mitu imagundana. Kuti mudziwe kuti wavulala m'mutu, sikuti mpaka akomoke ayi. Akadzuka ali ndi chizungulire, mutu ukuwawa, akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena sakukumbuka zigoli, atuluke ndipo asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, kaya kochi anene zotani. Bungwe la rugby la dziko lino lili ndi pulogalamu ya BokSmart, yomwe inayamba mu 2009, ndipo imaphunzitsa makochi zomwezi. Akayamba kusanza mobwereza, kusinza kosadzutsika kapena kukomoka, itanani ambulansi poimba 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Kunyamula zitsulo sikupinimbiritsa mwana, bola pakhale womuyang'anira, ayambe ndi zopepuka ndi kuphunzira kanyamulidwe koyenera. Choopsa ndi mpikisano wa anyamata kuseri kwa nyumba, ndi simenti yothira m'zitini, kuti tione wanyamula cholemera ndani. Choopsa kuposa pamenepo ndi mapiritsi ndi majakisoni okulitsa minofu amene amagulitsidwa mobisa m'majimu ena. Ma steroid amenewa ndiwo angalimbitse kachigawo kanthete kaja nthawi isanakwane, mwana n'kulekera pomwepo kutalika. Mazira, nyemba, usipa, mtedza ndi mkaka zimamukwanira.

Dzinja la kuno limabwera ndi mphenzi zambiri, makamaka masana kuyambira Okutobala mpaka Malichi, nthawi yomweyo ana ali pa bwalo. Mu 1998 mphenzi inagwetsa osewera angapo pa masewero a Moroka Swallows ndi Jomo Cosmos muno mumzinda. Mukaona kung'anima, werengani. Bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, aliyense alowe m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Mwana amene akutentha thupi asachite mafizo, ngakhale chikhale chimfine wamba, chifukwa tizilombo tina timafika pa mnofu wa mtima. Ndipo ngati munapita naye kumudzi pa Khirisimasi, n'kutentha thupi mu Januwale, uzani anamwino a ku kiliniki kuti anali ku Malawi kuti amuyeze malungo. Kuno udzudzu wa malungo kulibe, ndiye mukapanda kunena, sangawaganizire msanga.