Mowa wowawa ngati nimu uja, chimawawitsa ndi chiyani?

Sabata yatha tinakhala pa khonde ku Matawale, mnzanga wabwera ndi mabotolo awiri a mowa wotchedwa IPA ochokera ku kamalo kena ku Cape Town komwe amafulula okha nkumagulitsa pompo. Achimwene ena amene tinali nawo atangolawa anakwinya nkhope, akuti aise mowawu wawonongeka kapena mwathiramo kwinini? Ine ntchito yanga ndi yofulula mowa ndiye ndinaseka kaye, koma funsolo ndi labwino.

Vuto limayambira pa chilankhulo chathu chomwechi. Tikati mowa wawawa timatanthauza kuti wapsa, ukhoza kukugwetsa. Koma pa mowa wa mtunduwu kuwawa kwa pa lilime ndi mphamvu yoledzeretsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, zimachokeranso kosiyana.

Mphamvu imachokera ku chimera. Agogo ofulula masese amameretsa mawere kapena chimanga, uku amameretsa barele, yisiti nkudya shuga wa m'chimeramo kutulutsa alkoholo. Chimera chikachuluka mowa umakhala waukali basi, palibe zachilendo.

Kuwawa ndi fungo zimachokera ku hops. Ndi chomera choyanga ngati nyemba, dzina lake la sayansi Humulus lupulus, ndipo musaseke, ndi pachibale ndi chamba, banja limodzi, kungoti sichizunguza mutu. Timagwiritsa maluwa a chomera chachikazi, mukawang'amba mkati muli kaufa kachikasu konanda, ndiye nkhani yonse ili pa kaufako. Mukathira hops koyambirira nkuwiritsa ola lathunthu, kutentha kumasintha timaasidi ta mu ufa uja nkukhala towawa, koma fungo lonse limathawa ndi nthunzi. Mukathira kumapeto, kapena mowa utazizira kale, kuwawa kumachepa fungo nkutsala. Ofulula IPA amachita zonse ziwiri ndipo saumira dzanja, nchifukwa chake botolo lija titangotsegula panamveka manyumwa, magalagadeya, ndi kafungo kaja kamakulandirani mukamakwera ku Ku Chawe mwalowa m'mapaini. Achimwene aja amalimbikira kuti athiramo zipatso. Ayi ndithu, mulibe chipatso ngakhale chimodzi.

Dzina loti IPA ndi India Pale Ale, unatchuka ku England kale m'ma 1800 pomwe amautumiza ku India pa sitima zapamadzi miyezi ingapo, ndipo hops amathandiza kuti mowa usasase msanga. Masese athu alibe hops, nchifukwa china amawawasa pakangopita masiku ochepa.

Wina anafunsa bwanji osangodzala hops paphiri pathupa poti mpozizira. Kuzizira sikokwanira, chomerachi chimafuna masiku ataliatali a dzuwa ngati a ku Hallertau ku Germany kapena ku Yakima ku America, ngakhale ku South Africa amalima kumunsi kwenikweni ku George. Kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse. Ndiye onse ndi oitanitsa kunja, ndi madola, mtengo wa botolo musadabwe nawo.

Pomwa, chonde musamwere m'botolo, thirani mu tambula kuti mphuno igwire ntchito, ndipo usakhale wozizira mpaka kuuma mano ngati mmene timakondera Green, kuzizira kwambiri kumatseka fungo. Kukamwa koyamba kumawawa inde, dikirani kachitatu lilime litazolowera, mpomwe mumamva kutsekemera kwa chimera pansi pake. Onaninso tsiku lomwe unafululidwa chifukwa fungo la hops silichedwa kuzilala, wakale umangotsala kuwawa kokhakokha, ndipo ine wotero sindiulipira. Osausiyanso padzuwa, kuwala kumaononga hops mowa nkuyamba kununkha, mabotolo abulauni amateteza bwino kuposa obiriwira.

Tsono pomwe anthu amagwa ndi apa. Botolo la IPA lija linali la alkoholo 8 peresenti, 500 ml. Green wa 330 ml ali chapafupi ndi 5 peresenti, mukawerengera bwino botolo limodzi lija ndi ngati ma Green awiri ndi theka. Achimwene aja, omwe poyamba amati ndi kwinini, anamaliza lachiwiri okha osagawira munthu, galimoto yawo inagona pa Matawale iwo tinawakweza kabaza wa njinga yamoto kupita ku Chinamwali akuimba nyimbo za kwaya.