Nkhuku ya nyama imaumbidwa sabata yoyamba

Alimi ambiri akamandiitana kuti ndikaone nkhuku zawo za nyama zomwe zakana kunenepa, amakhala atafika kale sabata yachisanu. Amandionetsa matumba a finisha, chakudya cha gawo lomaliza, n'kumafunsa ngati pali mavitamini oti azithira m'madzi kuti nkhuku zifufume msanga. Ine ndimayamba ndafunsa kuti anapiyewo ankalemera bwanji atakwanitsa masiku 7. Kawirikawiri amangondiyang'ana, chifukwa sikelo sinalowepo m'kholamo.

Mwanapiye wa mtundu wa Cobb 500 kapena Ross 308 amaswa akulemera magalamu pafupifupi 40 mpaka 45. Pakatha sabata imodzi ayenera kukhala atachulukitsa kulemera kwake kanayi kapena kupitirira pang'ono, ndiye kuti magalamu 170 mpaka 200. M'masiku amenewa matumbo ake amakula mofulumira kuposa thupi lonse, ndipo chomwe chimawakulitsa ndi chakudya chomwe chikudutsamo. N'zoona kuti mwanapiye amaswa ali ndi chikasu cha dzira chotsalira m'mimba, chomwe chingamusunge masiku awiri kapena atatu. Koma kusunga moyo si kukula. Akachedwa kudya, matumbo amafupika ntchito, ndipo finisha wa mtsogolo, ngakhale akhale wabwino chotani, amapeza njira yopapatiza.

Choncho anapiye akafika apeze khola lafunda kale, kutentha kwa madigiri pafupifupi 32 pamene iwo akuima, madzi ali m'zomwera, chakudya chamwazidwa pa mapepala oyalidwa pamwamba pa utuchi. Phokoso la timiyendo pa pepala limawakopa, ndipo akayamba kujompha mmodzi, anzake amatsatira. Kenaka pali ntchito yomwe ndimaikonda kwambiri chifukwa sifuna chipangizo chilichonse: kugwira chithokomiro. Tolani anapiye 30 kapena 40 m'mbali zosiyanasiyana za khola, musisite pang'ono ndi chala pamunsi pa khosi chakumanja. Chithokomiro chodzaza koma chofewa chikusonyeza kuti wadya ndipo wamwa. Chikakhala cholimba, mukumva timiyalamiyala ta chakudya, wadya koma madzi sanawapeze. Chikakhala chophwa, sanadye kalikonse. Pakatha maola 8 chifikireni m'khola, anapiye 8 mwa 10 alionse akhale ndi chithokomiro chodzaza. Pakatha maola 24 asapezeke oposa mmodzi mwa 20 amene ali ndi chophwa. Zikapanda kutero musadikire mawa: onjezerani mapepala, yandikitsani zomwera, onaninso kutentha ndi kuwala.

Zakudya zake zili m'magawo atatu. Sitata amakhala ndi mapuloteni pafupifupi 22 kapena 23 peresenti, ndipo amaperekedwa kuyambira tsiku loyamba mpaka la 10 kapena la 14. Gulowa amatsikira pa 20 kapena 21 peresenti mpaka cha m'ma tsiku la 24 kapena la 28, kenaka finisha wa 18 kapena 19 peresenti mpaka kugulitsa. Mapuloteni akamatsika, zopatsa mphamvu zimakwera, chifukwa nkhuku yaikulu ikudya kwambiri ndipo mafupa ake aumbika kale. Opanga zakudya ena amapanga magawo awiri okha, ndiye werengani zomwe zalembedwa pa thumba. Posintha, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku awiri kapena atatu. Ngati sikelo ikuonetsa kuti anapiye atsalira, ndi bwino kutalikitsako sitata masiku angapo kusiyana ndi kuthamangira gulowa chifukwa kalendala yanena.

Tsopano nkhani yomwe timakangana kwambiri ndi alimi. Chakudya chimatenga 60 mpaka 70 peresenti ya ndalama zonse zoweta, ndiye n'zomveka kuti munthu aganize zochisungunula ndi gaga kapena chimanga chogaya. Mlimi wina anandiuza monyadira kuti thumba limodzi amalisandutsa awiri. Tinakhala pansi n'kuwerengetsa. Gaga ali ndi mapuloteni pafupifupi theka la omwe ali mu sitata, choncho kusakaniza theka ndi theka kumatsitsa mapuloteni kuchoka pa 22 kufika cha m'ma 16. Si mapuloteni okha: mavitamini, kashiamu, fosifolasi, lysine ndi methionine (tizigawo tofunika ta mapuloteni), ngakhalenso mankhwala oteteza ku matenda otsegula m'mimba mwa magazi omwe amaikidwa m'zakudya zambiri, zonse zimachepa limodzi. Nkhuku yodyetsedwa bwino imafika makilogalamu awiri pa masiku 35 kapena isanafike n'komwe, itadya makilogalamu osapitirira atatu ndi theka. Za mlimi uja zinafuna sabata zisanu ndi ziwiri. Nkhuku ya msinkhu umenewo imadya pafupifupi magalamu 200 patsiku, ndiye nkhuku 100 zimatha makilogalamu 20 tsiku lililonse, makilogalamu 140 pa sabata imodzi yoonjezera. Anakhala chete kanthawi, kenaka anapempha kuti ndimubwerezere masamuwo.

Odzipangira okha chakudya sindiwaletsa, bola akhale ndi sikelo ndi premix (msakanizo wa mavitamini ndi michere) yoyenera nkhuku za nyama. Soya yekha ndiye asamamupereke wamuwisi: ali ndi zinthu zotsekereza kugayika kwa mapuloteni m'matumbo, ndipo zimatha pokhapokha akakazingidwa mokwanira, osapsereza. Chimanga cha chuku musachiyese n'komwe. Poizoni wake, aflatoxin, amaononga chiwindi ndi kufooketsa chitetezo cha thupi, ndipo sachoka ndi kuyanika kapena kugaya. Matumba aziikidwa pa mapulanga, osati pansi kapena motsamira khoma.

Nanga zizidya kangati patsiku? Nkhuku za nyama sizidikira belu. Zodyera zisamaume nthawi yonse yomwe kuli kuwala, kungoti muzithira pang'onopang'ono kawiri kapena katatu patsiku, osadzaza mpaka kukamwa, kuti zisamataye. Muzikweza zodyerazo pamene nkhuku zikukula, mlomo wa chodyera uzilingana ndi chidali cha nkhuku. Chomwe chimaika malire pa kudya ndi mdima. Sabata yoyamba zimafuna kuwala maola 23, koma ikatha, zipatseni mdima wa maola 4 mpaka 6 usiku uliwonse, nthawi yozimitsa magetsi isamasinthe. Mitundu imeneyi imaunjika nyama mofulumira kuposa momwe mtima, mapapo ndi mafupa angapirire. Ikamadya usana ndi usiku osapuma, mudzaona zina zikuyenda chokhala, zina madzi atadzaza m'mimba, zina mwazipeza zitafa chagada, ndipo kawirikawiri zimakhala zonenepa kwambiri zija.

Nyengo yotentha imafuna kusintha ndondomeko. Kugaya chakudya kumatulutsa kutentha m'thupi, ndipo nkhuku ilibe thukuta. Ngati nkhuku zazikulu zikumapumira m'kamwa masana, mapiko atatambasula, kwezani zodyera m'mawa dzuwa lisanakwere kwambiri, mudzazitsitse madzulo kukazizira, kenaka muzisiyire kuwala kuti zibweze zomwe sizinadye.

Madzi ndiye asamachoke. Pa kilogalamu iliyonse ya chakudya nkhuku imamwa malita 1.6 mpaka 1.8, ndipo kukatentha imapitirira pamenepo. Ikasowa madzi imasiyanso kudya. Amene amalemba malita omwe nkhuku zamwa tsiku lililonse amadziwa msanga kuti kwabwera vuto, chifukwa kamwedwe kamasintha nkhuku zisanayambe kuoneka zodwala.

Pofika kumapeto, onani ngati finisha wanu ali ndi mankhwala omwe amafuna masiku oti atuluke m'thupi nkhuku isanaphedwe, ndipo muwerenge masikuwo monga momwe alembedwera pa thumba kapena pa botolo. Tsiku lopha, chotsani chakudya maola 8 mpaka 12 nkhuku zisanaphedwe, kuwerengera pamodzi ndi nthawi ya paulendo, kuti matumbo asaphulike potumbula n'kuipitsa nyama. Madzi asiyeni mpaka nthawi yozigwira.