Ampulifaya yofooka nayonso imawotcha masipika

Anthu ambiri akamagula masipika ang'onoang'ono oika pa shelefu amaopa ampulifaya (chipangizo chokweza mawu opita ku masipika) ya mphamvu. Amati sipika ikalembedwa 60W (W ndi mawati, muyeso wa mphamvu), ndi bwino kugula ampulifaya ya 20W kuti sipikayo isapse. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi olakwika, ndipo awonongetsa masipika abwino ambiri.

Ampulifaya yofooka mukaikweza kwambiri imafika pamapeto pa mphamvu zake. Ikatero imadula nsonga za mafunde a mawu, nyimbo n'kuyamba kukanda m'makutu. Mphamvu yochuluka imathamangira ku twita, kasipika kakang'ono kapamwamba kotulutsa mawu oonda. Kawaya ka mkati mwake n'kopyapyala ngati tsitsi, ndiye kamatentha mpaka kuduka. Mukangomva mawu ayamba kukanda, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo, chonde.

N'zoona kuti ampulifaya yamphamvu nayo ingaphe sipika mukaikweza mopitirira muyeso, koma pa voliyumu yoyenera imaimba mawu oyera osadzikakamiza.

Komanso mawati paokha sanena kukula kwa mawu. Kuwawirikiza kawiri kumangowonjezera 3 dB basi (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Nambala ya dB yolembedwa pa sipika imasonyeza kukula kwa mawu ake pa wati imodzi. Choncho sipika yolembedwa 88 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 85 dB imafuna kuti zimveke mofanana.

Tembenuzani sipikayo muone kumbuyo nambala ya ohm, muyeso wa mmene imakanizira magetsi. Ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8 ohm, ndiye ampulifaya yanu ikhale yolembedwa kuti imatha 4 ohm. Apo ayi, ingathe kutentha n'kumazima yokha nyimbo ili mkati.