Doko la Dover: anthu anakana kuti ligulitsidwe, koma silinakhale lawo

Malole akangodzaza msewu wa A20 podikira kulowa m'sitima zopita ku France, anthu a ku Dover, tauni ya pagombe ku England, amadzutsa funso lawo lakale: kodi doko limeneli ndi la yani, nanga ife tikudyapo chiyani? Okhala ku Aycliffe, komwe nyumba zili pafupi ndi msewuwo, akhala akudandaula za mahutala ndi utsi wa mathiraki oima pamzere usiku. M'tauni momwe, msewu waukulu wopita kudoko unadula pakati pa mashopu ndi gombe, moti wofuna kukaona nyanja amadzera kanjira kapansi pa msewu. Akuluakulu a doko amayankha ndi ziwerengero. Amati katundu wa ndalama pafupifupi mapaundi 144 biliyoni amadutsa pamenepa chaka chilichonse, ndipo malole ndi oposa 2 miliyoni. Ziwerengerozi amazilengeza ndi oyendetsa doko, koma ngakhale titazitenga momwe zilili, zikungokulitsa funso lija, chifukwa tauni yomwe chuma chonsechi chimadutsamo ili ndi madera ena osauka kwambiri m'chigawo cha Kent.

Mkanganowu unayamba kalekale. Mu 1606 Mfumu James I inapereka chikalata chokhazikitsa bungwe loyendetsa dokoli, lomwe lero limatchedwa Dover Harbour Board. Zisanatero, doko linali m'manja mwa akuluakulu a tauni, omwe ankalimbana ndi timiyala ta m'nyanja tomwe mafunde ankaunjika pakhomo pa doko mpaka zombo kulephera kulowa. Ntchito yochotsa timiyalato inkadya ndalama zambiri. Choncho ulamuliro unachoka m'tauni kupita kwa anthu osankhidwa. Zaka mazana atatu zotsatira tingazidumphe: makoma aakulu otchinga mafunde anatha kumangidwa mu 1909, ndipo mu 1953 magalimoto anayamba kulowa okha m'sitima m'malo monyamulidwa ndi makina.

Chofunika kumvetsa ndi mtundu wa bungweli. Lilibe eni masheya. Si la boma mwachindunji, si la khonsolo, si la munthu. Phindu lonse limabwerera kudoko lomwelo. Ku Britain madoko otere alipo ambiri, ndipo lamulo la 1991 linawatsegulira njira yoti agulitsidwe. Angapo anagulitsidwadi mu 1992. Limodzi mwa iwo linali la Medway, m'chigawo chomwecho cha Kent. Kumeneko ogwira ntchito omwe anachotsedwa anakakamizidwa kubweza masheya awo pa mtengo wa mapaundi 2.50 imodzi, ndipo patangopita miyezi yochepa, mu 1993, kampani ya Mersey Docks inagula doko lonse pa mtengo woposa mapaundi 37 pa sheya. Nkhani ngati imeneyi siiwalika msanga kwa anthu a pagombe.

Ndiye mu Januwale 2010 bodi ya Dover inapempha boma kuti ligulitse dokolo. Zifukwa zake sizinali zopanda mutu, ndipo tiyenera kuzimva bwino. Bodi inkafuna kumanga malo achiwiri okwerera sitima kumadzulo kwa doko, ntchito ya mapaundi mamiliyoni mazanamazana. Koma ngongole ya bungweli inkawerengedwa ngati ngongole ya boma, choncho kukongola ndalama zambiri kunali kovuta. Mkulu wa doko panthawiyo, Bob Goldfield, ankaona kuti wogula wa ndalama zake ndiye angamasule manja awo. Pofuna kutsitsa mitima ya anthu, bodi inalonjeza kuti pa malondawo padzakhazikitsidwa bungwe lothandiza tauni, lokhala ndi thumba lake.

Anthu ambiri sanakhutire. Ndalama yaikulu ya malondawo ikanapita ku thumba la boma ku London, ndipo mwini watsopano akanatha kudzaligulitsanso kwa wina aliyense, ngati zinachitikira ku Medway. Panamveka mphekesera zoti ogula angakhale ochokera ku France, zomwe zinawawa kwambiri m'tauni yomwe mu 1940 munayendetsedwa ntchito yopulumutsa asilikali oposa 338,000 ku Dunkirk, ku France, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuchokera m'mapanga a pansi pa linga la Dover. Makampani a sitima nawo, monga P&O, anatsutsa, ngakhale kuti nkhawa yawo inali ina: mitengo yomwe amalipira poimika sitima.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 2010 momwemo anthu anakhazikitsa bungwe la Dover People's Port Trust, mothandizidwa ndi phungu wawo watsopano, Charlie Elphicke wa chipani cha Conservative. Ganizo lawo linali lolimba mtima: ngati doko likugulitsidwa, tiligule ndife. Anatchula mtengo wa mapaundi 200 miliyoni, ndalama zoti akongole kumabanki, ndipo munthu wamba ankakhala membala polipira mapaundi 10. Otsutsa ankafunsa kuti doko lolemedwa ndi ngongole yotere lidzamanga bwanji china chilichonse. Funsolo linali lomveka, ndipo silinayesedwe m'zochitika chifukwa malondawo sanachitike.

Pa 23 Malichi 2011 tauni inaponya voti. Sichinali chisankho chachikulu chokhala ndi makadi oitanira anthu kapena mwayi wovota kudzera pa positi. Mavoti a mtundu umenewu amachitika kuyambira 4 koloko masana mpaka 9 koloko usiku basi. Munthu amaweruka kuntchito, n'kupita yekha kukaima pamzere kunja kukuzizira, pa nkhani yomwe zotsatira zake sizikakamiza boma kuchita kanthu. Anthu 5,244 anavota kukana kugulitsa ndi kuvomereza doko la anthu. Otsutsa anali 113.

Apa m'pomwe mbali ziwirizi zimawerenga mosiyana mpaka lero. Ochirikiza doko la anthu amati oposa 97 mwa 100 aliwonse anavomereza. Ena amakumbutsa kuti amene anavota anali pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi oyenera kuvota, ndipo voti inachitika m'tauni mokha, pomwe dokoli limatumikira dziko lonse. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo maganizo a atatu otsala aja pepala la voti silinawalembe. Koma ine ndimaona kuti anthu 5,000 otuluka m'nyumba madzulo a tsiku la ntchito, popanda wowatumizira kalata, si ochepa. Boma nalo linaona chimodzimodzi. Mu 2011 momwemo linasintha mfundo zogulitsira madoko otere, n'kuwonjezera kuti malonda alionse ayenera kupatsa anthu a m'deralo gawo lenileni komanso lokhalitsa pa doko. Chiganizo chimenechi ndicho chinagwetsa pempho la bodi. Pa 20 Disembala 2012 boma linakana pempholo, ndipo chifukwa chachikulu chinali chomwecho: gawo la anthu linali losakwanira.

Ena amaganiza kuti pamenepo anthu anapambana. Anapambana theka. Dokolo silinagulitsidwe, komanso silinaperekedwe kwa iwo. Mu Epulo 2014 nduna yoona za madoko, Stephen Hammond, inalengeza njira yapakati: doko likhalebe lopanda eni masheya, lipatsidwe mphamvu zambiri pa zachuma, m'bodi mulowe anthu oimira dera, ndipo pakhale thumba lothandiza anthu. Mipando ya oimira dera inakhala iwiri, ndipo umodzi anaukhala Neil Wiggins, yemwe ankatsogolera bungwe la doko la anthu lija. Thumba linayamba ntchito mu 2015 ndi mapaundi 250,000, kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo 100 a phindu la chaka, ndipo limayendetsedwa kudzera ku Kent Community Foundation. Timabungwe tating'ono ta achinyamata, maphunziro a ntchito zamanja ndi othandiza ovutika talandirapo, ndipo kwa iwo ndalamayo si yamasewera.

Komabe mipando iwiri m'bodi imamveka mawu koma siilamula, ndipo pali zambiri zomwe bodi yonse ilibe nazo mphamvu. Izi zinaonekera pa 17 Malichi 2022, pomwe P&O Ferries, kampani ya DP World ya ku Dubai, inachotsa ntchito anthu pafupifupi 800 tsiku limodzi, ambiri atauzidwa kudzera pa kanema wojambuliratu. Ambiri mwa iwo ankagwira ntchito pa sitima za ku Dover. Tsiku lomwelo ogwira ntchito ndi anzawo anatsekereza msewu wolowera kudoko, womwe uja umadula tauni ndi nyanja.