Bacillus: tizilombo ta m'dothi tofanana maonekedwe, tosiyana kuopsa

Uthengawu ndi wa alimi a ziweto, ogulitsa nyama, ophika zakudya zogulitsa ndiponso alangizi a zaumoyo m'boma la Dedza.

Bacillus ndi fuko la mabakiteriya okhala m'dothi, m'fumbi ndi m'madzi. Pa maikulosikopu amaoneka ngati timitengo tifupitifupi tolumikizana motsatana, monga mfundo za nsungwi. Chakudya chikawathera amasanduka timbewu tolimba totchedwa spore, tomwe sitifa ndi dzuwa kapena chilala, ndipo tikhoza kukhala m'nthaka zaka makumi angapo. Mitundu yambiri ya fukoli, monga Bacillus subtilis, sidwalitsa munthu. Iwiri ndiyo yofunika kuidziwa: Bacillus anthracis, woyambitsa matenda a anthrax, ndi Bacillus cereus, woononga chakudya chophika.

Anthrax si nkhani yakutali. Mu 2018 inapha mvuu ku Liwonde National Park, ndipo mu 2023 inagwira anthu ambiri ku Zambia. Ng'ombe kapena mbuzi imene yadya timbewuti pamodzi ndi msipu imafa mwadzidzidzi, nthawi zambiri osaonetsa kudwala. Mtembo umatupa msanga, suuma gwa, ndipo m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo mumatuluka magazi akuda osaundana.

Chiweto chotere musachisende, musachitumbule. Mkati mwa mtembo wosatsegula tizilomboti timafa patapita masiku ochepa pamene nyama ikuwola, koma magazi akakumana ndi mpweya timapanga timbewu tija, ndipo khola kapena dambo limenelo limakhala ndi matenda kwa zaka zambiri. Tikudziwa kuti ng'ombe ndi chuma, ndipo kuikwirira yonse n'kowawa. Komabe nyama yogawana pamudzi kapena yogulitsa motchipa pamsika ndiyo imadwalitsa mabanja ambiri nthawi imodzi. Thamangitsani agalu, phimbani mtembo ndi pepala la pulasitiki, itanani mlangizi wa ziweto. Iye, atavala magolovesi, amatenga kadontho ka magazi pa mtsempha wa khutu, n'kupaka pagalasi, n'kuumitsa. Mtembo uwotchedwe mpaka phulusa pamalo pomwepo, kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya mamita 2, kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Ziweto zotsala zibayidwe katemera, ndipo katemerayu ndi wa chaka ndi chaka.

Ku labotale, ya chipatala cha boma kapena Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kuyeza kumayamba ndi utoto wa Gram, njira yomwe Hans Christian Gram anatulukira mu 1884. Bacillus amagwira mtundu wa pepo. Izi zimangosonyeza fuko, chifukwa anthracis ndi cereus amaoneka chimodzimodzi. Kuti awasiyanitse amapaka magazi aja utoto wa polychrome methylene blue: anthracis amaoneka wabuluu atazunguliridwa ndi chikuto chofiirira. Kenako amabzala tizilomboto m'mbale ya chakudya chosakaniza ndi magazi a nkhosa, pa kutentha kwa madigiri 35 mpaka 37, kwa maola 18 mpaka 24. Cereus amaphwanya magazi, n'kusiya mkombero woyera kuzungulira pomwe wamera. Anthracis saphwanya, ndipo akamutukula ndi kawaya amanyanduka n'kuima osagwa. Cereus amayenda m'dontho la madzi ndipo samva penisilini, pamene anthracis sayenda ndipo kawirikawiri amafa nayo. Chitsimikizo chomaliza ndi PCR, njira yozindikira kachilombo poyeza chibadwa chake (DNA).

Zolakwika zimachitika pawiri. Magazi akatengedwa mochedwa, mtembo utayamba kununkha, mabakiteriya owoletsa amachuluka ndipo chikuto chija sichionekanso, choncho zotsatira zikhoza kunena kuti palibe pamene matenda alipo. Kwinanso, popeza Bacillus ali paliponse, woyeza akhoza kumutaya poganiza kuti ndi fumbi lagwera m'mbale. N'chifukwa chake, zoyezazo zikachokera kwa munthu wodwala, pakalata yotumizira ku labotale mulembe kuti wodwalayo anagwira chiweto chofa chokha.

Mwa anthu, anthrax yofala kwambiri ndi yapakhungu. Pakadutsa tsiku 1 mpaka masiku 7 pamatuluka kachiphuphu koyabwa pamkono, pakhosi kapena kumaso, kamasanduka thuza, kenako chilonda chakuda pakati, chotupa m'mbali koma chosawawa. Kusawawako kusakunyengeni. Musachifinye kapena kutemera. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mankhwala alipo ndipo amachiza. Amene wadya nyamayo n'kuyamba kutentha thupi, kupweteka m'mimba kapena kutsegula kwa magazi athamangire naye kuchipatala, chifukwa ya m'matumbo imapha msanga.

Za cereus nkhani ndi mkute, makamaka wa mpunga, womwe umalimidwa kwambiri kuchigwa cha Bwanje. Timbewu take sitifa pophika. Mpunga ukazizira pang'onopang'ono mumphika waukulu, monga zimakhalira pa ukwati kapena pa maliro, timamera n'kutulutsa poizoni yemwe satha ngakhale mutenthetsenso. Wodyayo amasanza pasanathe maola 6. Mpunga udyedwe uli wotentha. Wotsala ugawidwe m'mbale zosaya kuti uzizire msanga, ulowe mufiriji pasanathe maola 2. Popanda firiji, phikani wokwanira nthawi imodzi. Mwana amene akusanza apatsidwe Thanzi ORS pang'onopang'ono, ndipo akayamba kufooka apite naye kuchipatala.