Kompyuta ikati P0401, musathamangire kugula valavu

Eni galimoto ambiri amafika kugalaja atagula kale valavu ya EGR, kachitseko kobwezera utsi mu injini, chifukwa kumene anaika galimoto pa kompyuta inatulutsa P0401, ndiye anauzidwa kuti valavu yafa. Nambala imeneyi imangonena kuti utsi wobwerera mu injini wachepa. Sinena chimene chautchinga.

Ntchito ya EGR ndi kutapa utsi pang'ono ku ekizozi n'kuubwezera kumene injini imakokera mpweya. Utsiwo suyakanso, choncho moto wa m'masilinda umachepa ukali ndipo mpweya woipa wa NOx umatsika. Koma utsi umabwera ndi mwaye, ndipo mwayewo ukakumana ndi nthunzi ya oyilo umasanduka phala lakuda lomata ngati phula. Galimoto yongokwawa pamzere tsiku ndi tsiku kuchokera ku Area 25 kupita ku Old Town imadzaza msanga kusiyana ndi yothamanga pa M1 kulowera ku Kasungu.

Choyamba mvetserani injini. Valavu ikakanirira yotsekula, galimoto imanjenjemera itaima, nthawi zina kuzima pa maloboti. Ya dizilo imafuka utsi wakuda n'kufooka pamtunda. Apa kompyuta imakonda kunena P0402, kutanthauza kuti utsi wobwerera wachuluka. Njira ya utsiwo ikatsekeka, ya petulo imagogoda mukaponda moto.

Kuyesa kwake n'kosavuta, kungoti amakaniko ena amachita ulesi. Pa injini ya petulo yotentha, galimoto itaima, tsekulani valavu ndi kompyuta, kapena ndi kapampu ka m'manja ngati ndi yakale yoyendera vacuum (mphamvu yokoka mpweya). Injini ikatsamwa kapena kuzima, valavu ndi njira zonse zili bwino. Kafufuzeni mawaya, sensa ndi timapaipi ta rabara tomwe timang'aluka. Valavu ikasuntha koma injini osasintha kaliridwe, ndiye kuti njira yatsekeka. Masulani muone. Pa Hilux D-4D mumapeza kukamwa kwa manifodi (paipi yolowetsa mpweya mu injini) kwatsala kabowo kongolowa chala. Pa Prius ya injini ya 2ZR-FXE chimatsekeka kwambiri ndi cooler ya EGR (choziziritsa utsi ndi madzi a injini), ndipo valavu yatsopano singathandize kalikonse pamenepo.

Zotseka EGR ndi kachitsulo ine sindigwirizana nazo: nyali ya check engine imayakabe pa galimoto zambiri, ndipo utsi woipawo timapuma ndife tomwe. Chinanso, madzi akamachepa mu rediyeta popanda podontha, ekizozi n'kumatulutsa utsi woyera, yesani kaye cooler ya EGR musanalole munthu kumasula silinda hedi (chivundikiro cha masilinda).